Nsatsi, kachitini ndi kabotolo: mbiri ya mafuta opaka pamimba

Mwezi watha mng'ono wanga anabwera kunyumba ndi kabotolo kakuda kamene kangabisike m'chikhatho. Anakagula kwa mnzake amene amagulitsa zinthu pa WhatsApp. Papepala lomatidwapo panalembedwa kuti lavender, mamililita 10. Wogulitsayo anamuuza kuti akadonthezera pang'ono pamimba masiku amene ali kumwezi, ululu wonse udzatha. Ndalama imene analipira ikanagula ndiwo za masiku angapo. Ambuya athu, amene anabwera kuno ku Lusaka kuchokera ku Chadiza kudzaonetsa maso kuchipatala, anatenga kabotoloko, nakanunkhiza, ndipo anafunsa kuti, "Tsono wokutikita uli naye?"

Tonse tinaseka, koma iwo sanaseke. Funso lawo linandichititsa kuti ndifufuze kumene mafuta amenewa anachokera, ndi zimene amayi akwathu anali kuchita tumabotolo tisanafike.

Nsatsi, masamba ndi manja

Boma la Chadiza lili kumwera kwa Chipata, makilomita pafupifupi 80, ndipo limachita malire ndi Mozambique. Ndi dziko la Achewa a Kalonga Gawa Undi, pansi pa mafumu monga Mlolo, Zingalume ndi Mwangala. Kumeneko mtsikana akatha msinkhu, nkhani yake inali kukhala m'manja mwa amayi akuluakulu. Anali kuuza ambuya ake kapena azakhali ake, kenako anamkungwi anali kumulangiza m'chinamwali za kudzisamalira, za nsalu, ndi za mwambo wakuti ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo. Kupweteka kwa m'mimba, kumene ena amati cham'mimba, kunali m'gulu la zinthu zimene amuna sanali kuuzidwa.

Monga amafotokozera ambuya, chithandizo chinali ndi mbali zitatu. Yoyamba inali kuthowa: kuviika kansalu m'madzi otentha, kukafinya, ndi kukaika pansi pa mchombo ndi pamsana. Yachiwiri inali kutikita ndi mafuta a nsatsi. Yachitatu inali masamba onunkhira, owiritsa kuti amwe kapena kuti adzifukize.

Mafuta a nsatsi anali nchito ya amayi. Anali kuthyola nsatsi zokhwima, kuziyanika mpaka zitathetheka, kuzikazinga, kuzisinja mumtondo, kenako kuwiritsa phalalo m'madzi. Mafuta akayandama pamwamba anali kuwayengula ndi kuwasunga m'kansupa. Ndi mafuta amenewa anthu anali kudzola sopo ndi Vaseline zisanafike m'midzi, ndipo ndi omwewo anali kutikitira munthu womva kupweteka m'chiuno, mlimi amene minofu ya m'miyendo yamukokana pambuyo polima tsiku lonse, ndi namwali wopindika ndi ululu. Njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin, koma iye amatsalira m'gaga wake ndipo kutentha kumamuwononga. Amayi aja sanali kudziwa dzina la poizoniyo, koma anali kudziwa kuti mwana asatafune nsatsi.

Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Mafuta a nsatsi, a nshawa ndi a mpendadzuwa ndi mafuta olemera. Mukawadonthezera papepala banga lake silichoka. Amene amalonda amati essential oils ndi ena: ndi tinthu tonunkhira timene chomera chimasunga m'masamba, m'maluwa kapena m'makungwa, ndipo timauluka msanga. Mukafikisa tsamba la mandimu, la chanzi kapena la mpungabwi pakati pa zala, fungo limene mumamva ndi mafuta amenewo. Choncho Achewa anali nawo kale mafuta onunkhira, koma anali kuwagwiritsa nchito ali m'tsamba momwemo, ochepa kwambiri, osakanikirana ndi madzi ndi nthunzi.

Tisanamizane kuti kale zonse zinali bwino. Ambuya amakumbukira atsikana amene anali kugona pamphasa masiku awiri mwezi uliwonse, akuuzidwa kuti alimbe mtima, zidzatha akadzabala. Amakumbukiranso mphini zotemedwa m'chiuno ndi lumo limodzi. Koma mtsikana wodwala sanali kusiyidwa yekha. Panali wina womuwiritsira madzi, ndi wina womugwira.

Nzeru ya mphika ndi paipi

Kuti mafuta onunkhira atuluke m'tsamba ndi kulowa m'botolo pamafunika luso limene aliyense wokulira kum'mawa amalidziwa, ngakhale salitchula pagulu. Ndi luso lotchezera kachasu. Mumawiritsa zinthu mumphika wotseka, nthunzi imadutsa m'paipi yozizidwa ndi madzi, ndipo kumapeto kwa paipi kumadontha madzi. Ngati mumphikamo muli masamba onunkhira, pamwamba pa madzi odonthawo pamayandama timafuta. Dzina lakuti kachasu linachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti cachaça, ndipo izi n'zosadabwitsa kwa anthu okhala pamalire a Mozambique. Kwathu luso limeneli linapita ku mowa. Kwina linapita ku mankhwala ndi zonunkhiritsa.

Akatswiri a ku Persia ndi Arabia anakonza bwino njira imeneyi zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo dzina limene limatchulidwa kawirikawiri pa nkhani yotcheza maluwa a rose ndi la sing'anga Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037. Mu 1852 Joseph Bosisto anayamba kutcheza mafuta a bulugamu ogulitsa kufupi ndi Melbourne ku Australia, kwawo kwa mtengowu. Bulugamu amene amaima m'mbali mwa masukulu ndi maboma athu ndi mlendo amene anabwera m'nthawi ya atsamunda, ndipo ngakhale dzina lake ndi mawu a Chingelezi opindidwa ndi lilime lathu. Mawu akuti aromatherapy ndi aang'ono kuposa onsewa. Anatchuka ndi katswiri wa zonunkhiritsa wa ku France, René-Maurice Gattefossé, amene anapsa dzanja pa ngozi ya kunchito mu 1910, nadzipaka mafuta a lavender, ndipo mu 1937 anatulutsa buku la dzina limenelo.

Chofunika kukumbukira pa luso limeneli ndi kuchuluka kwa mphamvu. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya mafuta a rose pamafunika makilogalamu masauzande angapo a maluwa. Kabotolo ka mng'ono wanga ndi mulu wa zomera wofinyidwa m'madontho ochepa. Ambuya athu sanagwirepo chinthu champhamvu chotero.

Nthawi ya kachitini

Mafuta otchezedwa sanafike kum'mawa m'botolo. Anafika m'kachitini. Asilikali a British South Africa Company atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, tauni ya Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Posakhalitsa kunabwera msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama. Amuna anayamba ulendo wa kumapulazi a fodya, ku Southern Rhodesia, ku Joni, ndipo pambuyo pake ku migodi ya kopa. Ena anakhala machona. Amene anabwerera anabwera ndi mabulangete, njinga, masutikesi, ndi timankhwala ta m'sitolo. Nawonso amwenye anatsegula masitolo ku Fort Jameson ndi m'maboma ang'onoang'ono.

M'masutikesi ndi m'masitolo amenewo ndi mmene munali tuzitini timene tonse tinakula nato. Zam-Buk inayamba kupangidwa ku Leeds ku England mu 1902 ndi kampani ya Charles Fulford, ndipo mkati mwake muli mafuta a bulugamu ndi camphor. Inazika mizu ku South Africa kotero kuti ambiri amaganiza kuti inabadwira komweko. Vicks inachokera kwa wogulitsa mankhwala Lunsford Richardson ku Greensboro ku America, ndipo inatchuka kwambiri pa mliri wa chimfine wa 1918. Mentholatum inayamba mu 1889 ku Kansas, ndipo ndi kampani yomweyo imene inadzapanga Deep Heat, mnzawo wa osewera mpira. Ambuya amati kachitini koyamba kamene anakaona kanabwera ndi amalume awo ochokera ku Walale, ndipo kanali kupakidwa pa chilichonse: chimfine, mutu, chilonda, msana, ndi mimba ya mtsikana ali kumwezi. Choncho amene akuti essential oils ndi zatsopano mu Zambia atsegule kabati ya amayi ake.

Kachitini kanabwera ndi mwambo wina umene sunathe, wogulitsa mankhwala ndi nthano. Fulford yemweyo anali kugulitsanso mapilitsi otchedwa Bile Beans, ponena kuti wasayansi wina anaphunzira chinsinsi chake kwa eni dziko a ku Australia. Mu 1905 khoti la ku Scotland linapeza kuti nkhaniyo inali yopeka, ndipo wasayansiyo kunalibe. Mapilitsiwo anapitirizabe kugulidwa zaka zambiri pambuyo pake.

Pamene mankhwala a m'sitolo anali kukwera, a kumudzi anali kutsika ulemu. Amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula Magwero mu 1899 ndi Nsadzu, m'dera la Chadiza, mu 1908, ndipo anabweretsa sukulu ndi chipatala. Mu 1914 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo la ufiti. Lamulolo silinaletse zitsamba, koma linaopseza oombeza, ndipo m'maso mwa anthu ambiri ophunzira nsupa iliyonse inayamba kuoneka yokayikitsa. Mtsikana wa pasukulu ya mishoni anatha kunyamula Vicks poyera, koma kansupa ka nsatsi anali kukabisa. Panapita zaka zambiri kuti asing'anga akhale ndi bungwe lawo lodziwika, la THPAZ, limene linakhazikitsidwa mu 1978.

Zimene asayansi anapeza

Kwa nthawi yaitali madokotala a ku Ulaya nawonso anali kuuza akazi kuti ululu wa msambo uli m'maganizo mwawo. Zinasintha pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1930 Ulf von Euler wa ku Sweden anapeza tinthu ta m'thupi timene anatitcha prostaglandin. M'zaka za m'ma 1960 Vernon Pickles wa ku Britain anaonetsa kuti tinthu timeneti timapezeka m'magazi a msambo. Timachititsa minofu ya chibaliro kufinya kuti itulutse zamkati, ndipo tikachuluka chibaliro chimafinya mwamphamvu mpaka magazi opita ku minofu yake amachepa. Ululu umachokera pamenepo. Mu 1971 John Vane anaonetsa kuti aspirin ndi mankhwala ofanana naye amaletsa thupi kupanga prostaglandin. Mmodzi wa mankhwala amenewa ndi ibuprofen, amene Stewart Adams ndi anzake anapanga ku kampani ya Boots ku Nottingham, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1969 ndi dzina limene tonse timalidziwa, Brufen. Ndiye chifukwa chake Brufen amagwira bwino mukamumwa ululu ukungoyamba, mutadya kanthu, ngati mulibe zilonda za m'mimba ndipo simuli ndi pakati.

Nanga za ambuya? Kuthowa kunapambana mayeso. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2001 anapeza kuti kutentha kopitirira pansi pa mchombo kunachepetsa ululu wa msambo mofanana ndi ibuprofen. Kutikita nakonso kuli ndi chifukwa chake. Mu 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza kuti uthenga wa kukhudza ndi wa ululu umalimbirana njira mumsana popita ku ubongo, kotero kuti kusisita pamalo opweteka kumachepetsa ululu umene ukufika. Mwana aliyense akagunda chigongono amachita zimenezi asanaphunzitsidwe. Kuzizira kumene mumamva mukapaka menthol nakonso kunafotokozedwa mu 2002, pamene magulu a David Julius ndi Ardem Patapoutian anapeza kachipata ka m'mitsempha kamene kamamva kuzizira ndi menthol yemwe. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2021. Menthol safika pachibaliro. Amangopatsa mitsempha ya pakhungu nkhani ina yokamba.

Za mafuta onunkhira enieniwo umboni ulipo, koma ndi wochepa. Mu 2006 ku South Korea ofufuza anayesa ophunzira aakazi 67. Amene anatikitidwa pamimba ndi lavender, clary sage ndi rose zosungunulidwa m'mafuta a almond anati ululu unachepa kuposa amene anatikitidwa ndi mafuta opanda fungo. Mayeso ena otere achitika m'maiko ena, ambiri ndi anthu ochepa, ndipo onse ali ndi vuto limodzi: fungo silibisika, choncho woyesedwa amadziwa gulu limene alimo. Onaninso kuti m'mayeso aja mafuta anasungunulidwa, ndipo panali kutikita. Funso la ambuya lija lili pakati penipeni pa kafukufukuyo.

Nthawi ya kabotolo

Kabotolo kamene kadzaza mafoni athu kanakula ndi malonda a mtundu wina, amene wogula amasanduka wogulitsa ndi kukoka anzake. Ku America makampani aakulu a malonda amenewa ndi Young Living, ya m'zaka za m'ma 1990, ndi doTERRA, ya mu 2008. Mu Seputembala 2014 bungwe loona za mankhwala kumeneko, la FDA, linalembera makampani awiriwa makalata owachenjeza chifukwa ogulitsa awo anali kunena kuti mafutawo amathandiza pa Ebola, khansa ndi matenda ena. Kuno kwathu mliri wa COVID-19 unatsegula khomo. Mu 2021 anthu m'makomboni ndi m'mayadi momwe anali kudzifukiza ndi masamba a bulugamu, ndipo amene kale anali kuseka zitsamba anayamba kufunsa kumene zikupezeka. Wogulitsa kabotolo anapeza msika wokonzeka.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Ambuya akawiritsa chanzi timati ndi zachikale. Zomwezo zikabwera m'botolo lakuda ndi dzina la Chingelezi timalipira mosanyinyirika, ndipo timaiwala kufunsa mafunso amene tikanafunsa ng'anga ya pamsika: muli chiyani umu, anapanga ndani, ndipo ndani anayesa? Zambia ili ndi bungwe loyang'anira mankhwala, la ZAMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013. Munthu akakuuzani kuti kabotolo kake kamachiritsa matenda, muli ndi ufulu womufunsa ngati bungweli likukadziwa.

Ngati mwagula kale, mbiri yomweyi ikuphunzitsa kagwiritsidwe kake. Mafutawa ndi ofinyidwa, choncho musawapake okha pakhungu, amawotcha. Thirani madontho 2 m'kasipuni ka tiyi ka mafuta olemera, kaya a mpendadzuwa wa kwathu, kaya a nsatsi, ndipo yambani mwayesa pamkono. Musamwe, ndipo musaike kumalo obisika. Bisani kutali ndi ana, chifukwa mafuta a bulugamu ndi camphor, ngakhale ochepa, akamwedwa amatha kukomola mwana, ndipo kasipuni kamodzi ka mafuta a wintergreen kali ndi mphamvu yoposa mapilitsi 20 a aspirin. Amene ali ndi pakati ayambe wafunsa kukiliniki, ndipo asamwe mafuta a nsatsi pofuna kufulumizitsa matenda.

Choopsa chachikulu sichili m'botolo. Chili m'kuchedwa. Ululu umene ukukulirakulira chaka ndi chaka, umene ukukulepheretsani sukulu kapena nchito mwezi uliwonse, umene ukubwera ndi magazi ochuluka, kutentha thupi, zotuluka zonunkha, kapena kupweteka pogonana, ukhoza kukhala chizindikiro cha endometriosis, zotupa za m'chibaliro kapena matenda opatsirana. Ululu waukulu wa mbali imodzi pambuyo podumphitsa mwezi ukhoza kukhala mimba yokhala kunja kwa chibaliro, ndipo imeneyo imapha msanga. Apa fungo la lavender lingachite zimene anali kuchita mawu aja akuti limba mtima: kukhazika chete munthu wofunika dokotala. Mtsikana wa ku Chadiza wakale analibe kopita. Ife tili nako.

Tilinso ndi chinthu chimene maiko ambiri alibe. Lamulo la nchito la Zambia, Employment Code Act ya 2019, limapatsa mkazi wogwira nchito tsiku limodzi lopuma mwezi uliwonse popanda kalata ya dokotala ndi popanda kufotokoza chifukwa. Ndi lija timati Mother's Day. Anthu amatsutsana za ilo, koma kwa ine ndi mphasa ya ambuya imene yalowa m'buku la malamulo: kuvomera kuti ululuwu ndi weniweni, ndipo woumva ayenera kugona pansi.

Tsiku la mng'ono wanga litafika, ambuya anatuma ine kukatenthetsa madzi. Tinawathira m'botolo la pulasitiki lolimba ndi kulikulunga m'chitenje. Iwo anathira saladi pang'ono m'kambale, nalola mng'ono wanga kudonthezamo madontho ake awiri a lavender, kuti ndalama yake isapite pachabe. Anamutikita pang'onopang'ono kuchokera m'chiuno kubwera kutsogolo, akumufunsa kuti ululu unayamba chaka chiti, umatenga masiku angati, ndipo nsalu amasintha kangati. Atamva mayankho anakhala chete pang'ono, kenako anati pa tsiku lawo lobwerera kuchipatala cha maso adzapita naye, akaonane ndi anamwino. Mng'ono wanga anamwa Brufen wake, nagona. M'nyumba monse munali kununkhira lavender, ndipo ambuya anavomera kuti fungo lokha ndi labwino.